Mwala Wanu pa Boda ya Mwami

Amayi,

Kumene muliko kwacha bwanji? Kuno tadzuka, ngakhale kutentha kwa chaka chino kwatikhaulitsa. Ndine Venansi, mwana wanu wapamsewu uja. Ndikulemba ndili pakhonde la nyumba yanu ku Chiparamba, nditakhala pampando wothyoka mwendo uja, umene mpaka lero tikuuchirikiza ndi njerwa ziwiri. Mitambo ikumasonkhana masana n'kubalalika, mvula yeniyeni sinagwebe. Ndili ndi nkhani yokhudza mwala wa pamanda panu ndi ntchito yanga ya thiraki, ndipo si yokoma yonse. Koma ndiyambe ndi zapakhomo, poti inu munkati mlendo woyamba ndi mlandu asanafunse za ana ndi wamwano.

Mlongo wanga Tereza anachira mu Julayi, mwana wamkazi. Tamutcha Agnesi, dzina lanu. Anthu akuti wafanana ndi bambo ake, koma ine ndikaona mmene amakwinyira nkhope akachedwa kumuyamwitsa, ndimangoti awa ndi amayi, abweranso kudzaona ngati tasesa pabwalo. Mng'ono wanga Lazaro wafolera nyumba yake ndi malata tsopano, kungoti anagula misomali yochepa, ndiye mbali imodzi waitsendereza ndi miyala. Monika wanga walemba mayeso a giredi seveni, tikudikira zotsatira. Akuti masamu anali ofewa kwambiri, ndipo mawu amenewo ndi amene akundidetsa nkhawa.

Mtedza umene munabzala kumunda wa kuchulu musanadwale unabereka bwino. Tinakumba mu Meyi, ndipo amake Monika anapatula mbewu n'kuipachika kudenga monga munkachitira. Thonje lokha ndilo latigwiritsa fuwa lamoto. Ogula anabwera mochedwa ndi mtengo wonyozeka, ndipo Lazaro walumbira kuti sadzalimanso, monga analumbirira chaka chatha. Chimanga chilipo chotifikitsa mwina mu Febuluwale. Mjigo wa kusukulu unafa miyezi iwiri, anthu ankatunga kudambo, koma anaukonza. Mbuzi yanu yamawanga inabereka ana awiri, mmodzi anatengedwa ndi fisi.

Tsopano za ntchito. Mukudziwa kuti thiraki ya masiku ano ili ndi malamulo ambiri kuposa matayala. Boma lili ndi ake: kulemera kwa katundu pasikelo, liwiro, mapepala a galimoto, mapepala a katundu, layisensi, chozimitsira moto, ngakhale kukayezetsa maso kuchipatala. Kampani nayo ili ndi ake. M'galimoto anaikamo kachipangizo kamene kamauza abwana ku Lusaka pamene ndili, moti ndikangoima kugula nthochi ku Katete foni yalira kale. Koma lamulo lalikulu pa onse ndi ili: osanyamula munthu, osanyamula katundu amene sanalembedwe pamapepala. Ukagwidwa, makiyi patebulo. Tonse tinasainira, ndipo ine kwa zaka khumi ndi chimodzi sindinaliphwanyepo.

Lamulo limenelo ndi limene linatiyambanitsa tsiku lija pamphambano ya msewu waukulu. Mukukumbuka? Munali ndi thumba la mtedza mukupita kumsika ku Chipata, ine ndikuchokera ku Lusaka. Ndinaima, ndinatsika, ndinakupatsani moni, kenako ndinakuuzani kuti mudikire minibasi. Munayang'ana galimoto kuyambira kumutu mpaka kumchira n'kunena kuti, "Chigalimoto chonsechi, malo a mayi wako palibe?" Ine ndinaseka. Inu simunaseke. Munatisiya mu Januwale musanakwerepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zakhala zikundipweteka chaka chonsechi.

Banja linagwirizana kuti chiliza chanu chimangidwe mvula isanayambe, kuti Bambo Mfumu pobwera kudzadalitsa manda kumayambiriro kwa Novembala apeze pamalo panu pali pooneka. Lazaro anatenga mbali ya njerwa ndi simenti, Tereza chakudya cha alendo, ine mwala wolembapo dzina. Nthawi imeneyo kampani inkandituma ku Malawi kukatenga feteleza, ndiye ku Lilongwe ndinapeza mmisiri wosema miyala, ndinamuuza zolemba, ndipo ulendo wotsatira ndinapeza watha. Mwala wakuda, wosalala, mtanda pamwamba, dzina lanu pansi pake.

Ndikanatha kuutumiza pabasi. Ndikanatha kupeza kagalimoto ka amalonda. Lamulo ndinkalidziwa bwino lomwe. Koma nditauona dzina lanu likuwala padzuwa, mumtima ndinangoti lero amayi akwera. Ndinaukulunga m'bulangete langa ndi makatoni, n'kuugoneka pakati pa matumba a feteleza kutsogolo kwa ngolo, pansi pa tenti. Ndinkadzinamiza kuti mwala wa pamanda si katundu, ndipo palibe wa kasitomu angafunse za chinthu chimene munthu sungagulitse kwa wina aliyense. Njira yonse mpaka ku Mchinji ndinayendetsa mofatsa, mabampu ndikukwera ngati ndanyamula mazira. Ndinkakuuzani maina a malo amene tikudutsa, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezi.

Pa Mwami tinafika m'mawa, ndipo linali tsiku lija la mu Okutobala limene boma linaika kuti dziko lonse lipemphere ndi kusala kudya. Boda simatseka, a kasitomu anali pantchito. Amene anabwera kudzaona galimoto yanga anali mayi wina wamtali, wosathamanga polankhula. Anati ndimasule tenti mbali ya kutsogolo. Anakwera, anaona bulangete, anafunyulula, anawerenga. Kenako anatsika n'kuyang'ana mapepala anga kawiri.

"Bambo Tembo, mwala uwu pamapepala palibe," anatero. "Galimoto muiimike kumbali uko. Tengani fomu iyi, mulembe kuti katunduyu ndi wa ndani ndipo wakwera bwanji. Mukamaliza mundipeze muofesi. Lipoti lake lipitanso kukampani yanu."

Sanakalipe, sanandiopseze, sanapemphe kanthu. Zikanakhala bwino akanakalipa, mwina ndikanapeza pomukwiyira. Ndinaimbira ejenti wa kampani amene amatikonzera mapepala pabodapo, koma anali atatseka ofesi, wapita kumapemphero ku Chipata. Ndinatenga fomu ija n'kukakhala pansi pa mtengo pamene madalaivala amakhala podikira mapepala.

Pamenepo ndinapeza mkangano uli mkati. Mayi amene amatiphikira pabodapo sanakoleze moto tsiku limenelo, anati akusala, aphika dzuwa likapendeka. Ndiye a Daka, dalaivala wachikulire wa mpingo wa Sabata amene tayenda naye msewu umenewu zaka zambiri, njala inali itawakwiyitsa.

"Boma lalowa m'matayala, lalowa m'thanki, manje lalowa m'mimba mwanga," ankatero. "Tsiku langa lopemphera ndikulidziwa, analemba kale m'Baibulo. Ili la lero analemba ndani? Ngati akufuna kutithandiza akonze maenje a pamsewu, za kumwamba atisiyire."

Amene ankawayankha anali a Mwale, dalaivala wa thanki ya mafuta, amenenso amalalikira ku kampingo katsopano kwawo. Munthu wabwino, kungoti mawu ake alibe mabuleki.

"Madala, dziko lino tinalipereka kwa Mulungu, ndi dziko lachikhristu. Bambo wapakhomo akati ana tiyeni tigwade, walakwa chiyani? Mukufuna boma lizingotolera msonkho basi, osakumbutsa anthu kulapa?"

"Boma si bambo wanga ine," anatero a Daka. "Ndinalivotera, bambo wanga sindinamuvotere. Lero akuti pempherani. Mawa adzati m'busa asalalikire wopanda satifiketi, ndipo woyamba kutsekeredwa kachisi mudzakhala inu a Mwale, poti pepala lanu lokhalo ndi layisensi ya thanki."

Anthu anaseka, a Mwale nawonso anaseka, koma sanagonje. Anati abusa onyenga achuluka, odyera anthu odwala, ndipo ngati boma siliwaletsa adzawaletsa ndani? Apo a Daka anavomera pang'ono, koma anati wakuba amangidwe ngati wakuba, osati chifukwa cha kapempheredwe kake. Wina anati ansembe ena sapita kumapemphero a boma poopa kuoneka ngati alowa chipani, wina anati amene sapitawo ndiye alowa chipani china. Chapatali pang'ono dalaivala wina wa ku Mangochi anali atayala kamkeka kake pamthunzi wa galimoto yake, akuswali. Iye sanafunsidwe maganizo, ndipo sanapereke.

Ine ndinkakumbuka inu. Chaka chimene tsikuli linayamba munamva pawailesi muli kusenda mtedza, ndipo munati, "Akatiuza tsiku loyamba kupemphera, adzatiuzanso tsiku losiya." Komabe m'mawa mwake munavala chitenje chanu cha kutchalitchi n'kutenga kolona. Lazaro atakusekani munati, "Ndikupita chifukwa kupemphera sikupweteka, koma ndikupita ndekha, sananditume." Ine maganizo anga sali kutali ndi amenewo. Za matayala ndi sikelo boma lilamule ndithu, ndaona ndi maso anga zimene galimoto yolemera mopitirira imachita pamapiri a ku Luangwa. Za kugwada sindikudziwa ngati zimatheka ndi chidindo.

A Mwale ataona fomu m'manja mwanga anafunsa, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anadzuka nthawi yomweyo, anati lero ndi tsiku la chikhululukiro, tiyeni tikaone ngati dzikoli ndi lachikhristu zoona. Ndinawaletsa koma sanamve. Tinalowa muofesi tonse awiri, iwo chipewa chili m'manja.

"Madamu, mwala umenewu ndi wa maliro. Lero dziko lonse likupempha chifundo kwa Mulungu. Inunso muchitireni chifundo mnzathuyu, mungotseka maso."

Mayi uja anawamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, "Abusa, ine ndapemphera m'mawa kunyumba, ndipo ndikusala ngati inu. Koma amene anandipatsa tsiku lopemphera ndi omwewo anandipatsa buku ili. Sanandiuze kuti lero ndilitseke. Ndikatseka maso pa mwala, mawa nditsekenso pa chiyani?"

A Mwale anavala chipewa chawo. Tinatuluka.

Kunja a Daka anandikokera kuseri kwa galimoto yanga. Anali atakwera pangolo n'kuuona mwala uja, ndipo anaona chimene ine sindinachiganizire. Inu, monga amayi ambiri akwathu, simunatenge dzina la bambo. Munabadwa Phiri, munakwatiwa muli Phiri, ndipo pamwala tinalemba Phiri. Palayisensi yanga pali Tembo.

"Iwe Venansi, tamvera," anatero motsitsa mawu. "Palibe pepala limene likukumangirira ku mwala uwu. Lemba kuti sukuudziwa. Unene kuti opakira katundu ku Lilongwe anaulowetsa iwe uli kukasainitsa mapepala, mwina wina anawatuma. Zimachitika. Mwala aulanda, kampani ikukalipira pang'ono, ntchito ikhala. Mwala wina udzagula chaka chamawa. Uli ndi mwana akupita kusekondale, ntchito masiku ano sizipezeka. Amayi ako anapita, sadya mwala."

Musawakwiyire a Daka, amayi. Ankandifunira zabwino, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinakwera m'galimoto, ndinatseka chitseko, fomu ndinaiika pachiwongolero. Ndikuuzeni zoona, ndinayamba kulemba zimene anandiuza. Mawu atatu oyamba ndinalemba. Ndinaganiza za Monika, za amake, za chimanga chothera mu Febuluwale. Ndinaganizanso za mwala wanu uli m'chipinda cha katundu wolandidwa pamodzi ndi matayala akale ndi mabelo a zovala zakale za salaula, dzina lanu litayang'ana kukhoma, ine nditasainira kuti munthu ameneyu sindimudziwa. Pamphambano paja ndinakusiyani chifukwa cha lamulo. Apa ndikanakusiyani chifukwa cha bodza langa. Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndinafufuta mawu aja n'kulemba m'Chizungu changa cha giredi naini kuti mwala ndi wanga, ndinaugula ndekha, ndinaukweza ndekha ndikudziwa lamulo, ndipo dzina lili pamenepo ndi la mayi anga ondibereka. Mayi wa kasitomu anawerenga, anandiyang'ana, anati, "Pepani ndi maliro, bambo Tembo." Kenako anadinda. Anandiuza zoyenera kulipira, ndinalipira, ndipo anati mwala ukhoza kulowa m'dziko koma osati pagalimoto imeneyi.

Tinautsitsa anthu anayi: ine, a Daka, a Mwale ndi dalaivala wa ku Mangochi uja, amene anangobwera yekha ataona tikuvutika. A Daka ankadandaula msana ndi njala, a Mwale ankaimba nyimbo ya maliro chapansipansi. Ndinapeza kagalimoto ka ogulitsa kabichi kobwerera ku Chipata kopanda katundu, ndipo Lazaro anakaulandira kumeneko n'kuufikitsa kuno. Choncho munakwera thiraki yanga kuchokera ku Lilongwe mpaka pa Mwami, kotsalako munayenda ndi fungo la kabichi.

Foni ya abwana inali italira kale kangapo, poti kachipangizo kaja kanawauza kuti galimoto yaima theka la tsiku. Feteleza ndinakatsitsa ku Chipata tsiku lotsatira, thumba lililonse lilipo. Kenako abwana anati makiyi ndipatse dalaivala wina, ine ndipite ku Lusaka pabasi. Kuofesi sanachedwe nane. Abwana anati akumvetsa za maliro, anati ndakhala dalaivala wabwino, wopanda ngozi, koma akandisiya ine mawa wina anyamula mbuzi n'kunena kuti ndi ya pamaliro. Anandionetsa pamene ndinasainira. Sindinatsutse, chifukwa siginecha inali yangadi. Anandipatsa kalata, ndinabweza yunifolomu, ndinatuluka pageti. Walira mvula walira matope.

Chiliza chinamangidwa pa nthawi yake. Lazaro pa njerwa pokha amadziwa ntchito, anachiwongola bwino. Bambo Mfumu anabwera panjinga yamoto, anawaza madzi odalitsa manda onse, ndipo atafika panu anaima n'kuwerenga dzina lanu mokweza. Amayi a mumphakati wanu anaimba nyimbo ija munkaiyambitsa nthawi zonse pamwamba kwambiri, ndipo opanda inu anaiyamba pabwino, koma sinakome. Tereza anabwera ndi kakhanda, anakaonetsa mwala. Ine ndinalira, amayi, kuposa tsiku la maliro.

Pa chakudya Lazaro anaimirira pamaso pa abale onse n'kunena kuti, "Tithokoze achimwene athu a thiraki, atibweretsera mwala wochokera kunja kwa dziko. Ntchito yawo ndiyo mzati wa banja lino." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinangoweramitsa mutu, iwo nkumati ndi ulemu.

Apa ndiye pagona nkhani. Pabanja pano palibe amene akudziwa. Lazaro ndinamuuza kuti mwala unatsika pa Mwami chifukwa galimoto inali ndi ulendo wina. Amake Monika ndinawauza kuti ndili patchuthi, ndipo akusangalala kuti kwa nthawi yoyamba ndithandiza kubzala. Dzulo anandifunsa tsiku lobwerera kuntchito kuti andichapire zovala, ndinati sanandiimbire. Sabata yachitatu tsopano ndikudzuka m'mawa n'kumayang'ana foni ngati munthu woyembekezera ulendo. Pa Mwami ndinakana kunama papepala la boma pamaso pa mlendo, koma pakhomo panga ndikunamiza mkazi wanga tsiku ndi tsiku. Inu ndinu oyamba kumva, ndipo ndayamba ndi inu chifukwa simungandiyankhe.

Mukandifunsa ngati ndikanakonda kuti ndilembe zina pafomu paja, ayi. Cholakwa changa chinali ku Lilongwe pamene ndinakweza mwala, osati pa Mwami. Koma mantha ndili nawo, ndisakunamizeni. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, makampani amafunsana za dalaivala asanamulembe, ndipo kalata yanga ikunena chimene ndinachita. A Daka anandiimbira, akuti pali munthu wina ku Chipata ali ndi malole awiri onyamula soya ndi fodya, mwina adzafuna dalaivala pokolola. Kukolola n'kutali.

Amake Monika ali kumunda wa kuchulu, akuunga mizere. Ndikuwaona kuchokera pano, aweramira khasu, akudikira kuti ndibwere ndi madzi akumwa. Ndikulonjezani kuti ndikangopinda kalatayi nditenga chigubu ndi kalata ya kampani ija, ndipita, ndipo ndiwauza zonse ndisanagwire khasu. Lazaro ndi Tereza ndiwauza Lamlungu tikatuluka Misa. Mundipempherere kumeneko kuti pakamwa pasaume ndikafika pamzere.

Muwapatse moni bambo. Muwauze kuti ng'ombe zilipo zonse zitatu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Venansi